Chitenje cha Nkhanga pa Dziwe Lachitatu

Mundimvere bwino chifukwa sindibwereza, ndipo amene akufuna kuseka asekeretu. Ine Fanesi ndinagwira ntchito zaka khumi ndi zinayi pa fakitale yodinda zitenje kuseri kwa phiri kuja. Izi sindinachite kumva kwa munthu ayi, ndinaliko, ndipo wolakwa m'nkhani imeneyi ndine ndemwe.

Kumunsi kwa fakitale ija kunkadutsa kamtsinje. Dzina lake lenileni anthu analiiwala kalekale, ankangoti Kanyika, poti madzi onse otsukira utoto ankathera mmenemo. Lolemba kafiire psuu, Lachitatu kabiriwire, moti ukangoyang'ana madziwo unkadziwa kuti lero akudinda za ukwati kapena za mpingo. Kukongola kunalipo, koma mwana akasambamo ankatuluka thupi lonse zidzolo, ndipo mbuzi zinkangonunkhiza n'kubwerera.

Ndinali ndi achemwali anga, a Elube, amene anandilera mayi atamwalira. Anakwatiwa ndi a Namakhwa, bambo wofatsa mpaka kutopetsa, amene ankakonza ngalande pa fakitale pomwepo. Ine ndi alamu angawo tinkanyozana monga mwa chilamu, ine kuwatcha kamba, iwo kunditcha wailesi. Achemwali atadwala chaka chathunthu n'kutisiya, kunyozanako kunathera pomwepo.

Mwambo wa kwathu mukuudziwa. Maliro akaikidwa, zovala zonse za malemu timapita nazo pa mwala wa kumunsi kwa manda, tichape, ziume, kenako amalume agawe. Palibe chovala chimene chimaloledwa kutsala chosalowa m'madzi. Tsono achemwali anali ndi chitenje chimodzi chimene aliyense ankawadziwa nacho, chachikasu, cha nkhanga zakuda zoyenda mondondozana, m'mphepete muli mzere wobiriwira. Tsiku lomanga mtolo ndinachinyamula, ndipo chinkanunkhabe iwo: mafuta awo odzola, kautsi, ndi kafungo ka pakhosi pawo kamene ndinakula nako ndili kumsana. Abale inu, ndinalephera. Ndinachipinda n'kuchilowetsa m'kati mwa bulauzi.

Pogawa zovala chinasowa. Amalume a Likoswe anangotembenukira kwa a Namakhwa.

"Mkamwini, mkazi wanu tamuika dzana lomweli, nsalu yake mwapatsa kale ndani?"

"Sindikudziwa, amalume," anatero alamu anga, maso ali pansi.

Kuchokera tsiku limenelo achibale anasiya kuwapatsa moni, pa maliro ankawapakulira mbale yawoyawo, ndipo ine, wailesi yonse ija, ndinakhala duu zaka ziwiri. Chitenjecho chinali m'jumbo pansi pa sutikesi yanga.

Chaka chachiwiricho kunabwera mayi Mwenifumbo, ophunzira a ku sukulu ya ukachenjede, aafupi, a magalasi, oyenda ndi majombo ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Abwana anawaitana chifukwa anthu a kumunsi anali atatopa ndi kudandaula. Mayiwo anatiuza kuti m'matope mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso, iwo ankati mabakiteriya, ndipo tina mwa ito timadya utoto.

"Kudya utoto?" ndinatero ine. "Mayi, tizilombo tanuto tasowa ndiwo?"

Anaseka. "Tikakhalitsa pamalo pamene pamadutsa utoto timazolowera, amayi. Ntchito yanga n'kupeza tomwe tazolowera kale, n'kutiweta kuti tichuluke."

Anandisankha ine kuti ndiwaperekeze m'mbali mwa Kanyika. Tinatapa matope malo asanu ndi anayi, kuika m'mabotolo, n'kuthiramo madzi ofiira a ku fakitale. Malo omaliza anali pa mwala uja wochapirapo zovala za malemu. Ndinkadziwa bwinobwino kuti pamenepo sipachotsedwa kanthu, ngakhale sopo akakugwera umamusiya. Koma ndinachita manyazi kuoneka wachimidzimidzi pamaso pa munthu wa magalasi, ndiye ndinangowagwirira botolo iwo akutapa. Patatha masiku atatu, mabotolo asanu ndi atatu anali ofiirabe. La pa mwala lija madzi ake anali mbee.

Basi, anakumbitsa maiwe atatu kuseri kwa fakitale. Loyamba linali lakuya, la madzi ongokhala phee, mmene tizilombo tochokera m'matope a pa mwala uja tinkadula utoto, ndipo ankathiramo zotsalira za nzimbe zakuda zija kuti tipeze mphamvu. Lachiwiri linali ndi makina ovundula madzi kuti mulowe mpweya, tizilombo tina timalize zotsala. Lachitatu linali lolekeza m'chiuno, anadzalamo bango, ndipo kuchoka apo madzi ankatsikira ku Kanyika. A Namakhwa anapatsidwa ntchito yosamala maiwewo. Ine yanga inali kutunga madzi m'timabotolo m'mawa uliwonse, belu la sikisi lisanalire.

Tsiku lina alamu anga, amene sankafunsa munthu kanthu, anafunsa.

"Pepani mayi, mtunduwo ukachoka m'madzimu umapita kuti?"

"Supita kwina kulikonse, bambo. Tizilombo timaudula tizidutswa ting'onoting'ono, basi umasiya kuoneka."

"Oo," anatero a Namakhwa. "Koma chinthu kusiya kuoneka sindiye kuti chatha."

Mayi aja anangokonza magalasi awo.

Kanyika anayera, ana anayambanso kusamba, ndipo aliyense ankatamanda tizilombo ta mayi Mwenifumbo. Kenako mwezi wa Juni unafika ndi chiperoni chake, nkhungu yogona pa maiwe mpaka dzuwa litakwera. Mayiwo anatichenjeza kuti kukazizira tizilombo timachita ulesi, madzi azitenga sabata kuti ayere. Koma zinachitika zina. Madzi olowa madzulo ali bii, kukacha ali oyera. Anayeza, anayezanso, anatumiza mabotolo ku tauni, mayankho n'kubwera oti zonse zili bwino. "Zili bwino mopitirira muyeso," ankatero okha, akukanda m'mutu ndi cholembera.

Choyamba kusowa linali beseni langa. Ndinalisiya pa khoma la dziwe lachitatu, m'mawa ndinalipeza tsidya lina, lovundikira, lonyowa. Kenako sopo wathu wosambira m'manja anayamba kutha ngati pali akumudya. Ndinakalipira alonda, ndinakalipira ndi agalu awo omwe, palibe anavomera.

Ndiye kunadza kaphokoso. Mukudziwa mmene imamvekera nsalu yonyowa ikamamenyedwa pa mwala, phwa, phwa, n'kupuma, phwa. Kankamveka chapatali m'nkhungu, mofatsa, kachapidwe ka munthu amene alibe kothamangira. Pa maiwe paja panalibe mwala ngakhale umodzi. Chodabwitsa n'chakuti mantha enieni sindinkachita. Ndikamva kaphokosoko thupi linkangolemera, zikope n'kumagwa, n'kupezeka ndaima ndi botolo m'manja osadziwa kuti ndaima nthawi yaitali bwanji.

M'mawa wina ndikutsika kanjira ka ku fakitale ndinakumana ndi mayi wachilendo, atafunda nsalu yoyera kuyambira kumutu, wopanda nsapato m'kuzizira konse kuja. Anandipatukira mwaulemu.

"Mwadzuka bwanji, amayi?" ndinatero.

"Tadzuka. Kodi dzulo munanyika mtundu wanji?"

"Wabuluu," ndinayankha osaganiza n'komwe.

"Aa, ndiye si wanga. Ndidzabweranso."

Nditayenda pang'ono m'pamene ndinazindikira kuti nkhope yake sindinaione, ngakhale tinayang'anizana. Nditacheuka, m'njira munali nkhungu yokhayokha.

Sabata yomweyo ndinapeza alamu anga ataima m'dziwe lachitatu, madzi akulekeza m'akakolo. Ovolosi yawo yabuluu inali itayera kumiyendo, ndendende polekeza madziwo.

"Alamu, mwayamba kuweta nsomba?"

"Tatsitsani mawu," anatero osanditembenukira. "Ali uko."

"Ndani?"

"Achemwali anu."

Ndinayang'ana kumene ankayang'anako. Kuseri kwa bango kunayenera kukhala mpanda wa waya, ndinkaudziwa, ndinkayanikapo chilundu changa. Tsiku limenelo mpandawo kunalibe, madzi ankangopitirira. Ndipo kutaliko kunali azimayi, asanu kapena asanu ndi mmodzi, sindinathe kuwawerenga chifukwa nkhungu inkawatseka n'kuwatsegula. Onse anali ndi nsalu zoyera, atawerama. Mmodzi anaviika yake, anaimenya katatu, ndipo poitukula inali yabuluu, ya maluwa akuluakulu. Anaivala pomwepo, anzake akuseka motsitsa, n'kulowera m'nkhungu. Zinali zokongola, abale, sindinama, moti ndikanatha kuimirira pamenepo mpaka madzulo.

Koma kumapeto kwa mzerewo kunali mmodzi amene sankachapa. Anangoima, nsalu yake yoyera ataikoleka pamkono, dzanja lina lili m'chiuno, thupi lonse atalitsamiritsa pa mwendo wakumanzere. Umo ndi mmene achemwali ankaimira pachipata ndikachedwa kuchoka kusukulu.

"Amabwera tsiku lililonse," anatero a Namakhwa, mawu ali ngati a munthu wolota. "Anzawo amapita, iwo amatsala. Akudikira ine, alamu. Ndikuwachedwetsa ndine."

Ndinadziwa pomwepo chimene achemwali ankadikira, ndipo sanali alamu anga. Anzawo onse zovala zawo zinalowa m'madzi, ndiye mitundu yawo inali ndi podzera. Iwo chitenje chawo chinali chouma m'sutikesi yanga. Mukuganiza kuti ndinanena? Ndinatunga madzi anga m'timabotolo n'kumapita, ine chitsiru cha munthu.

Kuyambira pamenepo alamu ankalowa mkati pang'ono tsiku lililonse. Lolemba m'mawondo. Lachitatu m'ntchafu. Ovolosi inkayera kutsatira madzi, ndipo atapinda mwendo wake ndinaona kuti khungu nalo layamba kutuwa mbuu ngati phulusa. Anasiya kumva kuzizira. Mbatata zawo ankabwerera nazo kunyumba zosadya. Koma nkhope yawo, mayo ine, inali yosangalala kuposa mmene ndinaionera zaka ziwiri zonse zija.

Mayi Mwenifumbo anaigwira ovolosi ija, anainunkhiza, anadulako kachidutswa. "Tizilombo tanga sitingachite izi pa masiku atatu," anatero. Anawaletsa kulowa m'madzi, anawagulira majombo aatali, koma alamu ankangovomera "chabwino mayi" mawa lake n'kulowanso.

Ndinawakokera pambali mayi aja. "Inu, m'mawa muja mukabwera, simuona kanthu?"

"Ndimaona nkhungu," anatero. Anapukuta magalasi ndi mpango. "Ndipo ndimamva anthu akuchapa. Koma zimenezo, amayi Fanesi, m'buku langa mulibe polemba."

Ine ndiye ndinaganiza zochenjera. Ndinapita kumsika, ndinazungulira mabenchi onse mpaka ndinapeza chitenje chachikasu cha nkhanga, chofananako ndithu, kungoti nkhanga zake zinali zonenepa. Madzulo poweruka ndinachimiza m'dziwe lachitatu n'kuchipsinja ndi njerwa. Ndinapita kunyumba ndikudziyamikira. Kutacha ndinachipeza pa khoma, chouma, mitundu yake yonse ili momwemo, chitapindidwa patatu kenako pawiri. Munthu mmodzi yekha ndi amene ankapinda nsalu choncho, ndipo ankandimenya pa dzanja ndikapinda mwina. Ndinamva manyazi ngati mwana wogwidwa ndi shuga pakamwa.

Tsiku limenelo nditafika kwathu ndinatsegula sutikesi. Fungo lija linali litachepa, koma linalipo. Ndinakwirira nkhope m'chitenjemo n'kulira. Mayi anga sindiwakumbuka, chithunzi cha achemwali ndinalibe, ana sanasiye. Chimene chinatsala cha iwo padziko lonse lino chinali kafungo kameneko, ndipo ndinkadziwa kuti kakangokhudza madzi katha. Ndinawayankhula mokweza ngati ali m'chipindamo. "Achemwali, inu muli ndi anzanu uko. Ine ndili ndi ndani?" Kenako ndinkakumbuka amalume a Likoswe, achibale onse, ndi pakamwa panga pomwe pankayenera kunena kuti wakuba uja ndine.

Ndinachilowetsa m'bulauzi monga tsiku loyamba lija. Masiku atatu ndinapita nacho ku ntchito n'kubwerera nacho.

Lachisanu nkhungu inali yochindikala moti dzanja lako lomwe unkachita kulisaka. Kaphokoso kaja kankamveka pafupi kwambiri, phwa, phwa. Nditafika pa khoma la dziwe lachitatu ndinapeza nsapato za alamu zitaikidwa bwinobwino, chipewa pamwamba pake, ndi makiyi onse a maiwe atasanjidwa pambali kuti wina adzawapeze. Munthu amene akubwereranso sasiya makiyi choncho.

"Alamu!"

Zii.

Nkhungu inang'ambika pang'ono ndipo ndinawaona. Anali patsogolo kupitirira bango, madzi akulekeza m'khosi, m'dziwe lolekeza m'chiuno lija. Ankayenda pang'onopang'ono, mutu uli chilili.

"A Namakhwa! Kamba inu, tabwererani kuno!"

Sanamve. Ndinalumphiramo ndi nsapato zomwe. Madziwo anali ofunda, abale, mu Juni, ofunda ngati osambitsira khanda, ndipo nditangolowa tulo tinandigwira. Ndinkamva kuseka kwa azimayi aja, kafungo ka sopo, ndipo mtima unkandiuza kuti palibe chothamangira, ndingoyenda nawo basi. Ndinadziluma mlomo mpaka magazi kuti ndidzuke. Ndinawapeza alamu madzi atafika pachibwano, n'kuwagwira kolala.

"Ndisiyeni, alamu," anatero mofatsa. "Atopa kuima."

"Sakudikira inu!" ndinakuwa. "Akudikira ichi!"

Ndinachisolola m'bulauzi n'kuchitukula pamwamba pa madzi. Alamu anatembenuka. Anayang'ana chitenjecho, nkhanga zake, mzere wobiriwira uja, kenako anayang'ana ine.

"Ndinatenga ndine," ndinatero. "Tsiku lomanga mtolo. Chinkanunkha iwo. Amalume akukunyozani ine ndinali nacho pamimba pano, ndipo ndinakhala chete. Ndine, alamu, ndine."

Kuchapa konse kuja kunali kutasiya. Nditakweza maso ndinaona kuti azimayi onse aweramuka, ndipo wakumapeto uja wachotsa dzanja m'chiuno.

Ndinachinunkhiza komaliza. Kenako ndinachitsitsira m'madzi, ndikuchigwira ndi manja awiri. Tizilombo ta mayi Mwenifumbo timatenga masiku, koma apa sipanapite nthawi yoti munthu n'kumeza malovu. Chikasu chinayamba kusungunuka, mzere wobiriwira unatsatira, ndipo nkhanga zija zinachoka imodziimodzi, kuyambira yakutsogolo, mpaka m'manja mwanga munatsala nsalu yoyera yopanda fungo lililonse.

Kutsidyako achemwali anawerama koyamba. Anaviika nsalu yawo, anaimenya katatu, ndipo poitukula inali yachikasu moti nkhungu yonse yozungulira inawala. Anaikung'unthira pambali, anaizunguliza m'chiuno, n'kumanga mfundo kumanzere monga mwa nthawi zonse. Anaisalaza ndi zikhatho kutsogolo. Kenako anatembenuka n'kutsatira anzawo, akuyenda kayendedwe kawo kofulumira kaja ka munthu wochedwa ku mpingo.

Ndinaitana. "Achemwali!" Alamu nawonso anaitana, dzina lenileni, "Elube!" Chikasu chija chinangochepa, kuchepa, mpaka chinatha.

Mwadzidzidzi madzi anazizira ngati mpeni. Tinali titaima m'dziwe lolekeza m'chiuno, m'matope, mpanda wa waya uli patsogolo pathu pomwepa. Alamu anayamba kunjenjemera, mano akugundana, ndipo ndinasangalala kuwaona akumva kuzizira ngati munthu. Ndinaima n'kudikira kuti anditukwane, andimenye kumene, ndinali wokonzeka.

"Mawa lomwe ndipita kwa amalume," ndinatero. "Ndikanena pamaso pa onse, ndigwada ndi pamaso panu pomwe."

"Za amalume musavutike nazo, alamu," anatero. "Zimenezo ndinazolowera."

Ankayang'anabe kupyola waya uja, kumene kunalibe kanthu koma udzu wonyowa. Misozi inkatsika iwo osaipukuta.

"Koma sanacheuke n'komwe," anatero. "Masiku onsewa ine ndimayesa amabwerera ine."